Kupita ndi Nchefu ku Lichinga

Anthu a msinkhu wanga akamakumbutsana za nkhondo, amakonda kufunsana kuti unanyamula chiyani pothawa. Wina amati mphasa, wina wailesi, wina amati apongozi. Ine ndimangokhala chete, chifukwa ndikayankha amandiseka. Ndinanyamula nchefu. Nchefu yamoyo, yaikazi, ya msinkhu wa mwana wa ng'ombe wongosiya kumene kuyamwa, ndipo ntchito yanga inali imodzi yokha, kukaifikitsa ku Lichinga ikupuma.

Pa nthawi ya Apwitikizi ndinkagwira ntchito pa kampu ya alenje kupitirira Marrupa, cha kufupi ndi mtsinje wa Lugenda. Azungu ankabwera, kuwombera njati ndi njovu, kujambulitsa phazi lili pamutu pa nyama, n'kumapita kwawo. Ife tinkatsala ndi zitini, mabotolo, ntchentche, ndi zitsa za mitengo imene ankatidulitsa kuti awothe moto waukulu ngati wa pamaliro. Ufulu utabwera, ku ofesi yathu ku Lichinga kunakhala shefe watsopano, a Matias, bambo wamfupi wa magalasi omanga ndi ulusi. Munthu ameneyu anali ndi maloto. Ankati alendo adzabweranso ku Niassa, koma ulendo uno adzabwera ndi maso okha, ndipo akamachoka tchire lizitsala mmene analipezera. Malamulo ake anatiphunzitsa mpaka tinkawatchula kutulo. Alendo azilowa ochepa nthawi imodzi. Aziima kuseri kwa miyala yopaka njereza. Asapatse nyama kanthu kalikonse, ngakhale iwayang'ane mwachisoni bwanji. Zinyalala zawo azibwerera nazo. Tinamanga tinyumba ta udzu, chimbudzi tinakumba kutali ndi mtsinje, miyala tinapaka, n'kukhala pansi kudikira. Mlendo sanabwere ndi mmodzi yemwe. Chimene chinabwera ndi nkhondo.

Nchefuyo ndinaitola ili kakhanda, itaima pafupi ndi mayi wake amene anafera pa msampha wa waya. Ndinailera ndi mkaka wa mbuzi wopempha m'midzi. Anzanga anaitcha Vizita, kutanthauza mlendo m'Chipwitikizi, ati popeza ndiye mlendo yekhayo amene anagonapo m'tinyumba tathu tija. Vizita ankanditsata kulikonse, ngakhale kuchimbudzi ankandidikira pakhomo. Mkazi wanga ndi ana anali ku Namacula, m'tauni ya Lichinga, ndipo sindibisa, miyezi imeneyo ndinalankhula kwambiri ndi nchefu kusiyana ndi munthu.

Tsiku lina a Matias anandiitana pa wailesi n'kundiuza kuti kampu itsekedwe. Zigawenga, zimene tinkazitcha a m'tchire, zinali zitayandikira, ndipo nyama zinali kutha mbali zonse. A m'tchire ankadya, asilikali ankadya, anthu wamba nawonso ankadya, poti njala siifunsa kuti nyama ili ndi mwini. A Matias anali atamanga mpanda woti Vizita akakhalemo, m'mphepete mwa nkhalango ya paini kunja kwa tauni ya Lichinga. Ankafuna kuti ana a sukulu azikaphunzira kumeneko kaonedwe ka nyama, kuti nkhondo ikadzatha tidzakhale ndi anthu odziwa kulandira alendo popanda kuwononga. Ndinawauza kuti nchefu si thumba la nyemba, ulendo wa pa lole sangaupirire. Anandifunsa ngati ndinali ndi kwina komusiya kumene sakamuphika. Ndinalibe.

"Ndiye bwera naye, Jaime. Wamoyo, wamva? Ndipo panjira malamulo ndi omwe aja."

Mpaka ku Marrupa tinayenda pansi, ndipo gawo lokoma la ulendo wonse linali limenelo. Ine kutsogolo ndi chingwe, Vizita kumbuyo akubudula masamba ngati akupita kukacheza. Mavuto anayamba titafika. Masiku amenewo galimoto sinkayenda yokha. Malole ankadikirana mpaka achuluke, asilikali n'kuwaperekeza kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye tinkati koluna. Tsiku lonyamuka ankalidziwa ndi komandante yekha, kuopa kuti makutu a m'tchire angamve. Motero tonse tinkangotandala pabwalo la sitolo yotsekedwa, katundu ali womangamanga, injini ina ikatsokomola aliyense n'kudzambatuka, kenaka n'kukhalanso pansi mwamanyazi.

Munthu sankayenda popanda giya, chikalata chololeza ulendo. Yanga ndinaitenga mosavuta. Koma kalaliki anasuzumira pawindo, n'kuona Vizita akudya maluwa a pa ofesi, ndipo anati uyunso ndi wapaulendo, alembedwe. Anandifunsa dzina lake, ndinatchula. Anafunsa dzina la bambo ake, ndinati sindinakumane nawo. Anafunsa cholinga cha ulendo, ndinati akukayamba ntchito ya boma. Anadinda osaseka ngakhale pang'ono, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankandinyoza kapena ayi.

Kupeza lole kunavuta kuposa pamenepo. Oyendetsa onse anandipukusira mutu, mpaka ndinatsala ndi Ajusa, munthu wowonda wa mano ofiira ndi fodya, amene anandiuza kuti kamiyao yake si khola. Ndalama nthawi imeneyo zinali mapepala chabe, popeza m'masitolo munalibe chogula. Ajusa ankalankhula maso ali pa mabuti anga a ntchito. Ndinamva. Ndinakwera lole yake nditavala nkhwayila, iye akuguba m'mabuti omukulira.

Kuseri kwa kabini ndinamanga kakhola ka nsungwi, n'kuyala udzu pansi. Ndinathyola mitolo ya masamba a mitengo imene Vizita ankaikonda, yochuluka mmene Ajusa akanalolera. Pokweza tinamuphimba kumaso ndi malaya anga, n'kumukankha pa thabwa amuna angapo, iye akunjenjemera thupi lonse. Apaulendo anzanga anakhala pa matumba a nyemba akudandaula kuti nyama yapatsidwa malo abwino kuposa anthu. Woyandikana nane anali Che Saide, telala wachikulire wachisilamu, amene anafukata mutu wa makina ake osokera ngati mwana wodwala. Anamuyang'ana Vizita nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati mnzangayo anali Mkhristu kapena Msilamu. Ndinati sanasankhebe. Iwo anati ndiye tiyenda naye bwino, osasankha savuta.

Tinanyamuka m'mawa wina popanda wochenjeza. Ndikati tinanyamuka musaganize za liwiro. Kutsogolo kunkayenda asilikali pansi, akubaya msewu ndi ndodo zachitsulo kufufuza mabomba okwirira, malole n'kumawatsata ngati maliro. Dzuwa linali la chilimwe, lotentha chitsulo cha lole mpaka osachigwira. Lamulo la komandante linali lakuti phazi lisachoke mumsewu. Wofuna kudzithandiza ankanjuta m'mkwasa wa matayala momwemo, azimayi akutchingirana ndi nsalu. Tchire la m'mbali mwa msewu linali lotenthedwa dala kuti munthu asabisalemo, phulusa lokhalokha. Chapatali pang'ono, poti mwala woponya ukanafika, mitengo inali itayamba kuphuka masamba ofiira anthete, enieni amene nchefu imafera. Vizita ankatulutsa mphuno pakati pa nsungwi n'kumanunkhiza. Ine ndinkangoyang'ana kumbali.

Masamba anga aja sanachedwe kufota. Ena apaulendo anawasandutsa mitsamiro, ena anauluka ndi mphepo, otsala Vizita ankawanunkhiza n'kuwasiya. Tisanafike pa mlatho wa Lugenda tayala la lole yathu linaphulika, ndipo tonse tinadzigwetsa pa matumba poganiza kuti ndi mfuti. Mayi wina anagwera pa makina a Che Saide, iwo n'kuyamba kufunsa makinawo ngati avulala, osati mayiyo. Ajusa analibe tayala lina. Anatolera udzu umene ndinayalira Vizita n'kuupanikiza m'tayala, tinapitirira tikudumphadumpha, ndipo nchefu yanga inatsala itaima pa chitsulo chotentha. Ndinaiyalira bulangete langa.

Chimene ndinkaopa kwambiri chinali asilikali. Pa malo oimapo ankabwera kudzazungulira lole, wina n'kunena kuti sanaonepo ndiwo yoyenda ndi giya. Koma komandante, mnyamata wa maso ofiira ndi tulo amene sankamwetulira, anawerenga chikalata cha Vizita, n'kuuza anyamata ake kuti wokhudza nyama imeneyi aziyenda kutsogolo ndi ndodo mpaka ku Lichinga. Kuyambira pamenepo ankangoyang'ana ndi kumeza malovu. Ndinaganiza kuti choopsa chadutsa. Chakudza sichiimba ng'oma.

Tinadutsa ku Majune osachedwa, n'kukaima pa mtsinje wa Luambala. Matabwa a mlatho anali atatenthedwa, kutsala zitsulo zokha. Panalibe chochita koma kudikira kuti acheke ena, ndipo macheka anali amodzi. Pafupi ndi mlathowo panali kambi ya asilikali, ndipo moizungulira munali misasa ya anthu othawa m'midzi, ochuluka kwabasi, ambiri a iwo Ayao. Anaunjikana pamenepo chifukwa mfuti zinali pafupi. Mitengo yonse yozungulira anali ataidula nkhuni ndi milimo ya misasa, masamba odyeka onse atathyola ndiwo. Komandante anandilola kutsikira kumtsinje kumene anthu ankatunga madzi, koma kumeneko ndinangopeza bango ndi matope. Kupitirira apo kunali mabomba.

Ndinamutsitsa Vizita n'kumumangirira pa mtengo wa mango, umodzi wokha umene anausiya chifukwa cha mthunzi. Nthiti zake zinali zitayamba kuwerengeka. Mbiri inafala m'misasa, ndipo anthu anabwera. Ana obadwira m'nkhondo anali asanaonepo nyama yotere. Akuluakulu ankaidziwa nchefu, koma yongoiona ikuthawa kapena ili pa mtanda itaphedwa. Apa inali chilili, maso akuluakulu, ikuwayang'ana. Ndinaseka ndekha pokumbukira a Matias. Zaka zonse zija tinadikira alendo ku kampu osabwera, ndiye awa anadzaza bwalo opanda nsapato.

Ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa. Ndinatapa phulusa n'kulemba mzere wozungulira mtengo, n'kuikapo timiyala. Ndinawafotokozera m'Chinyanja, Che Saide akumasulira m'Chiyao, kuti aziima kuseri kwa mzere, azibwera ochepaochepa, asamugwire, ndipo koposa zonse asamupatse chakudya, chifukwa mimba ya nyama ya m'tchire si ya mbuzi. Onse anavomera ndi mitu. Anthu akwathu kuvomera amavomera bwino.

Woyamba kudutsa mzere anali Abiti Bwanali, mayi wamtali wa nsalu yong'ambika paphewa, amene anafika pa kambipo yekhayekha. Anabwera ndi lichero, m'menemo muli chimanga chachikasu chimene othawa ankagawiridwa. Anagwada patsogolo panga monga agwadira pobweretsa chakudya kwa mlendo.

"Baba, mlendo wanu wawonda. Adyeko aka."

Ndinawathokoza, n'kuwauza kuti lamulo silikulola. Anandifunsa kuti lamulo la ndani, ndinati la shefe wanga ku Lichinga. Anafunsa ngati shefeyo waziona nthitizi. Ndinayesa kufotokoza kuti chimanga chikhoza kumudwalitsa, koma mawu anga anamveka ngati bodza ngakhale m'makutu mwanga, popeza chimanga chomwecho n'chimene chinkasunga moyo wa onse amene ankandimvera.

"Kwathu ndinali ndi mbuzi, baba, ndipo zinkandidziwa. Chimanga ichi ndi gawo langa, sindinabe. Kapena mukukana poti ndife othawa, manja athu ndi akuda?"

Che Saide anandinong'oneza kuti ndikawabweza mayi amenewa ndatukwana msasa wonse, ndilandire pang'ono chabe. Ndinaleredwa chimodzimodzi. Kwathu mlendo sagona ndi njala, ndipo munthu wosauka akakupatsa sumufunsa mafunso. Ndinati kadzanja kamodzi kokha. Abiti Bwanali anatambasula dzanja, Vizita ananunkhiza, n'kunyambita mpaka chikhatho. Mayiwo anaseka, ndipo amene anali pafupi anandiuza kuti chibwerereni anali asanasekepo.

Walira mvula walira matope. Nditalandira cha mmodzi, ndikanakana bwanji cha wachiwiri? Aliyense ankati mwalandira cha auje, changa chili ndi chiyani. Anabwera ndi gaga, makaka, makoko a chinangwa, nyemba zophika, wina mpaka kamchere kamene anakasunga m'mfundo ya nsalu chichokereni kwawo. Ndinayesa nzeru yolandira ndi manja awiri n'kubisa m'thumba, koma sankachoka. Ankafuna kuona akudya, makamaka kudya m'manja mwawo. Asilikali nawo anayamba kubwera ndi mabisiketi awo olimba. Ndikatsikira kumtsinje kukatunga madzi, ndinkapeza mzere wanga utapondedwapondedwa, Vizita akutafuna. Ndinakalipa, ndinachonderera, tsiku lina ndinatola ndodo n'kuthamangitsa ana, amayi awo n'kumandiyang'ana ngati ndine wa m'tchire. Ndipo chowawa kwambiri n'chakuti ndikanawaletsa onse, ineyo ndikanamupatsa chiyani? M'manja mwanga munalibe ngakhale tsamba limodzi. Ndinagwira njakata.

Macheka ankalira, matabwa ankakwera limodzilimodzi, ife tikudikira. Ajusa ankagona pansi pa lole atavala mabuti anga. Che Saide anapeza ntchito yosoka zigamba ndi singano ya pamanja. Abiti Bwanali ankabwera m'mawa uliwonse kudzakhala pafupi ndi Vizita n'kumamulankhula m'Chiyao, ndipo ndinazindikira kuti lichero lawo linkabwera lodzaza kuposa kale. Iwo ankadya chiyani, sindinafunse.

M'mawa wa tsiku limene mlatho unatha ndinapeza Vizita atasiya kubzikula. Anaima mutu uli pansi, akukukuta mano. Mimba inatupa mbali ya kumanzere, ndipo nditaigogoda ndi chala inalira ngati ng'oma. Ndinadziwa. Ndinali nditaonapo ng'ombe yolowa m'nkhokwe. Mankhwala amene ndinkawadziwa anali mafuta ophikira, ndipo ndinazungulira misasa yonse ndi malole onse ndikupempha. Anthu anali ataiwala ndi fungo lake lomwe. Ajusa anabwera ndi kachitini ka mafuta a injini, ndinamuthokoza n'kumubweza. Ndinasinja makala, ndinasungunula phulusa m'madzi, n'kumumwetsa mokakamiza. Ndinamuyendetsa mumsewu uku ndi uku mpaka miyendo yake inayamba kupindika. Che Saide anandibwereka singano yaikulu yosokera matumba, ndinabaya pa nthiti yomaliza, ndipo panangotuluka kampweya kochepa. Dzuwa lisanafike pamutu, Vizita anagona pansi pa mango paja osadzukanso. Ankapuma movutikira, maso ali pa ine.

Malole anayamba kuliza injini. Komandante anabwera, anayang'ana nchefu, anayang'ana ine.

"Kamarada, kwa anyamata anga ndakutetezera. Kwa ichi sindingathe. Koluna ikunyamuka. Ukafuna, chipolopolo chimodzi ndikupatsa."

Ndinapempha kuti timukweze chomwecho, mwina mphepo ya pamtunda ikamutsitsimutsa. Ajusa anati pasiensiya, kapena kuti pepani, koma nyamayi sifika ngakhale pa phiri loyamba, ndipo ndinadziwa kuti akunena zoona. Pamenepo Che Saide anapempha komandante kuti ayambe wadikira ndi mfuti yake. Telalayo anadzanjuta pafupi nane. M'manja anali ndi mpeni wokulunga m'kansalu, ndipo sanautulutse. Anandikumbutsa chimene ndinkachidziwa kale, monga aliyense wokulira pakati pa Ayao achidziwira, kuti nyama yofa yokha, yosachinjidwa ndi dzina la Mulungu, kwa Msilamu ndi nyamafu, sangaidye ngakhale njala imuphe. Ndiye chifukwa chake ngakhale ife Akhristu ku Namacula tikafuna kupha nkhuku ya pa ukwati timaitana Msilamu, kuti mbale ikhale ya onse.

"Nyama ndi yanu, a Jaime, palibe akulandeni. Koma nthawi yatsala pang'ono. Ikafa yokha, ifa kawiri. Tayang'anani anthuwa."

Ndinayang'ana. Msasa wonse unali pamenepo, ana a mimba zotupa kutsogolo. Palibe amene anapempha, palibe amene anasendera. Tsiku limenelo lokha ndi limene anaima kuseri kwa mzere wanga wa phulusa popanda kuwauza. Bwenzi atandilanda ndi mfuti, ndikanakhala ndi munthu womukwiyira. Koma ankadikira mawu anga, ndipo mpweya wa Vizita unkafupikira. Ndinasowa mtengo wogwira. Sindikumbuka kuti ndinanena chiyani, mwina ndinangogwedeza mutu.

Anafunika kumutembenuza kuti ayang'ane kumpoto, kumene Asilamu amayang'ana popemphera. Amuna atamugwira anayamba kuphupha ndi mphamvu zotsala, popeza sankadziwa manja awo. Che Saide anandiyang'ana. Ndinagwada, ndinaika mutu wake pa ntchafu zanga, n'kuyamba kumukanda kuseri kwa khutu monga ndinkachitira ali kakhanda. Anadekha. Ndinamva Che Saide akunena Bisimilai motsitsa mawu, ine maso ali pa matabwa atsopano a mlatho.

Komandante anagawa nyamayo mwachangu, gawo la msasa, la asilikali, ndi la apaulendo. Anthu anaima pamzere ndi masamba a bango ndi mbale zobooka, mwakachetechete. Abiti Bwanali pamzerepo panalibe. Anandipeza kumtsinje ndikutsuka buluku, lichero lili m'khwapa.

"Baba, chamupha ndi chimanga changa?"

"Ayi, mayi. Ndi ulendo. Nyama zimenezi sizipirira lole."

Anagwedeza mutu, koma maso awo sanavomere. Che Saide anawatsatira ndi gawo lawo, ndipo iwo anabisa manja kumbuyo, nati mlendo amene wadya m'manja mwawo sangamudye. Anabwerera ku msasa wawo wopanda chimanga, wopandanso nyama. Inenso sindinadye. Koma fungo la nyama yowotcha litafika pa lole, malovu anadzaza m'kamwa mwanga, ndipo ndinadzida.

Za msewu wotsala ndilibe zambiri. Tinawoloka, tinakwera mapiri, tinagona ku Litunde, tinadikiranso kwinakwake chifukwa lole ina inathyoka chitsulo. Apaulendo anzanga ankadya nyama yawo atandifulatira. M'kakhola ka nsungwi muja munalowa mayi wina ndi ana ake, atayamba wandipempha, ndipo ndinawalola. Titayamba kuona paini, Che Saide anandifunditsa chikhoti chawo chifukwa mphepo ya kumtunda inali itayamba kuluma. Ndinatsika ku Lichinga masana ena, m'manja muli chingwe.

Kunyumba sindinapite. Ndinalunjika ku mpanda wa a Matias, ndikuyeseza mawu panjira. Sindinadziwe kuti mbiri yakuti koluna ya ku Marrupa yalowa inali itandipitirira kale. Mpandawo unali wokongola, wa mitengo yosenda bwino. M'kati munali mgolo wa madzi, mitolo ya masamba othyola tsiku lomwelo, ndi kanyumba ka udzu kotchinga mphepo, poopa kuti nyama ya kuchigwa ingazizidwe. Kunja kwake kunali mzere wa miyala yopaka njereza. Ndipo kuseri kwa miyalayo kunali ana a sukulu, kagulu kochepa, ndi mphunzitsi wawo. A Matias, chifukwa cha chimwemwe, anali atatumiza kale uthenga. Anawo anaima manja ali kumbuyo, matumba a makabudula atawatembenuza kusonyeza kuti mulibe mtedza. Gulu lina linkadikira patali pansi pa paini.

A Matias anandiona, anaona chingwe, anavula magalasi. Tinaima pambali pang'ono.

"Asilikali?"

"Ayi, shefe."

"A m'tchire?"

"Ayi. Alendo, shefe. Anabwera ambiri, ndipo anamukonda."

A Matias anayamba kupukuta magalasi ndi malaya, ulusi uja n'kuduka, ndipo anangoima ndi zidutswa ziwiri m'manja. Kamtsikana kena kanafunsa mphunzitsi kuti nchefu ituluka liti m'kanyumbamo. Mphunzitsiyo anayankha monga anaphunzitsidwira, kuti nyama ya m'tchire imatuluka anthu akakhala chete. Anawo anatseka pakamwa, ena mpaka kugwira mpweya. Ndinayang'ana a Matias kuti awauze, iwo anayang'ana ine. Tonse awiri tinalephera. Tinasendera n'kukaima nawo limodzi kuseri kwa miyala, maso pa khomo la kanyumba kaja.

Anawo anakhala chete mpaka nthawi yawo inatha. Kenaka anachoka pamzere bwinobwino, osasiya kachinyalala ndi kamodzi komwe, ndipo gulu lachiwiri linalowa.